Nyimbo ya Anaphiri Yafika kwa Kamtedza

Kunatsala masiku atatu kuti chinkhoswe chichitike pamene Gilbert anatulukira kushedi ya fodya dzuwa lili paliwombo, manja akadali mbuu ndi choko. Filesi atangomuona anadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mphunzitsi sasiya ana m'kalasi Lachitatu n'kupalasa njinga mtunda wonsewo kudzangoona nkhope ya mkazi, kaya mkaziyo akongole bwanji.

Azimayi osankha nawo fodya anayamba kuseka. Wina anati a Ticha alephera kupirira mpaka Loweruka. Wina anati awapatse benchi asankhe nawo, aone kumene kumachokera sadza, nsima ya mkazi wawo. Gilbert sanaseke. Anangopempha folomani kuti Filesi atuluke pang'ono, ndipo anakaima kuseri kwa balani.

"Wadwala ndani?" anafunsa Filesi.

"Palibe. Tamvera kaye ichi."

Gilbert amaphunzitsa pa sukulu ya papurazi, famu ya fodya yoyandikana ndi iyi, cha ku Trelawney ku Zimbabwe konkuno. Ana ambiri kumeneko kunyumba amayankhula Chichewa, koma mabuku a Chichewa ngosowa. N'chifukwa chake analowa gulu la pa WhatsApp la aphunzitsi a ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi kuno, mmene amagawana zophunzitsira. Wina aponyamo mayeso, wina ndakatulo, wina chithunzi cha tsamba la buku. Lamulo la gululo ndi limodzi: usamangotola, uziponyamo nawe. Gilbert anali atatola chaka chathunthu osaponyamo kanthu.

Mwezi watha atafika pa mutu wa nyimbo za pamtondo, anakumbukira kuti Anaphiri, amayi ake a Filesi, ali ndi nyimbo imene amaimba posinja. Mkamwini sakhala pansi ndi apongozi n'kumawauza kuti imbani, ndiye foni anapatsira Filesi. Anajambula ndi Filesi yemwe. Amayiwo anavomera chifukwa anauzidwa kuti ndi ya ana a sukulu. Nyimbo yake Filesi anakula nayo:

Kondanani mlongo wanga,
kwa Kamtedza mvula yagwa?
Mbuzi zija unazitsekera?
Ine kuno ndakalambira fodya wa eni.

Tsopano m'foni munkamveka mawu a mayi wina wachilendo.

"Aphunzitsi a ku Zimbabwe, ndine Janet, ku Dedza kuno. Nyimbo munatumiza ija yabweretsa nkhani. Mudzi wa Kamtedza ndi umene ine ndimaphunzitsako, ndipo a Kondanani ndi apampando a komiti ya sukulu yathu. Dzulo ndinawaitana n'kuwaikira kuti amve. Bambowo anakhala pansi padothi, ana akuona. Akuti mawuwo ndi a mlongo wawo Elube, amene anachoka chaka cha chilala chija cha 1992. Akuti m'mimba mwa mayi awo anabadwamo awiri okha, iwo ndi Elube. Chonde tiimbireni."

Filesi anagwira khoma la balani. Elube ndi dzina la amayi ake, ngakhale papurazi palibe amalitchula. Kondanani ankamudziwa ngati munthu wa m'nyimbo basi, pakuti amayi ake ankati abale onse ku Malawi anatha, kunatsala iwo ndi a Pearson. Koma mawu amene anamulasa ndi akuti awiri okha. Nanga Malume Pearson, amene Loweruka anayenera kukhala pamphasa ngati nkhoswe yake, anabadwira m'mimba mwa ndani?

Funso loyamba limene Filesi anafunsa linali lakuti uthengawo watumizidwa kwa Gilbert yekha kapena ayi. Gilbert anati wabwera pagulu. Anafunsa kuti pagulupo pali anthu angati. Mazana awiri ndi makumi anayi.

"Tecla alipo?"

Gilbert anayang'ana tayala la njinga. Tecla ndi mphunzitsi mnzake, amene amaimba kwaya pambali pa amayi ake a Gilbert, ndipo kwa zaka ziwiri wakhala akuwanyamulira chikwama potuluka m'tchalitchi.

"Munati ndi ya ana a Giredi 5," anatero Filesi.

"Ndi a Giredi 5 ndithu. Kungoti ena ndi a ku Dedza."

Filesi anamuyang'ana mpaka Gilbert anazindikira yekha kuti si tsiku la nthabwala. Anamulanda foniyo, nati adzaitenge madzulo, namuuza kuti abwerere kwa ana a eni asanamuchotse ntchito.

*

Anapeza amayi ake pakhonde akusankha nyemba, Nyasha, mwana wake wa zaka zitatu, akuseweretsa makoko. Sanapereke moni. Anaika foni pa lichero n'kudina.

Anaphiri anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira. Kenako anati abwerezenso. Kachiwiri, pofika pamene Janet akuti bambowo anakhala padothi, dzanja lawo linagwera m'nyemba n'kukhala momwemo.

"Ali moyo," anatero chapansipansi. Patapita kanthawi anawonjeza: "Wapampando? Uja ankakodza pamphasa?"

Kuseka kunatuluka limodzi ndi misozi, ndipo Nyasha anathawira kumbuyo kwa Filesi.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Anachoka kwa Kamtedza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kutsatira bambo ake a Filesi amene anabwera kumudzi ndi wailesi ndi nsapato zowala. Anasiya mayi awo akudwala, Kondanani ali kamnyamata ka mbuzi. Ankati akangosankha fodya nyengo imodzi abwerera ndi ufa. Kalata yonena za maliro a mayi awo inafika patatha miyezi isanu ndi umodzi. Kuyambira pamenepo, munthu akawafunsa za kwawo, kunali kosavuta kunena kuti onse anatha kusiyana n'kunena kuti ndinathawa mayi anga ali pamphasa.

Bambo ake a Filesi atamwalira, pamaliro anafunsa kuti wa kuchikazi aimirire. Panalibe. Pamenepo m'pamene a Pearson, oyendetsa thirakitala, anadzuka n'kunena kuti iwo ndi a Phiri, namfedwayo ndi Naphiri, choncho ndi mlongo wawo. Kwawo ndi ku Kasungu, ku Dedza sanapondeko. Koma mapurazi ndi mmene analili. Anthu anafika kuno mmodzimmodzi ngati nkhuku zogula, ndipo amene mwafanana mfunda ndiye m'bale wako.

"Ndiye komboni yonse imadziwa, kupatula ine?"

"Akuluakulu amadziwa. Ndipo usanene kuti tinakunamiza. Anakuthamangitsira kuchipatala ndani pobadwa mwanayu? Bambo wa mwanayu atathawira ku Centenary, anamulondola ndani?"

"Sindikufunsa amene amandikonda, amayi. Ndikufunsa amene akhale pamphasa Loweruka."

Onse awiri ankaganiza za munthu mmodzi: a Ricardina, amayi ake a Gilbert. Poyamba iwo sankafuna kumva za mkazi amene ali ndi mwana kale. Chinawafewetsa n'chakuti a Pearson anapita kwawo atavala jekete, nakanena kuti Filesi ndi mwana wa mlongo wawo. A Ricardina anati basi, mwana si mlandu, bola mkazi akhale ndi mwini, kuti banja likavuta pakhale khomo logogoda.

*

Lachinayi ataweruka, Filesi anapita kuchigayo. Tecla anali pamthunzi wa golosale, ngati munthu amene wangodutsa, koma botolo lake la zakumwa linali litatha kalekale.

"Makorokoto, mai Nyasha," anamuyamikira m'Chishona akumwetulira. "Ena pagulu paja timangopeza mayeso. Anzathu mukupeza amalume."

Ananenanso kuti nkhani yabwino siibisidwa, n'chifukwa chake iye anaitumiza kwa a Ricardina dzulo lomwelo, n'kupita yekha kukawatsegulira poti foni imawavuta. Anafunsa mwaulemu ngati a Pearson adzakhalebe pamwambo, kapena adzangobwera ngati oyendetsa thirakitala.

Filesi anatula thumba la chimanga. Anaona kuti anthu a pamzere asiya kucheza, makutu ali kuno.

"Mwachita bwino, a Madamu," anatero. "Mwatipulumutsira bandulo. Loweruka mubwere, ophika akuchepa."

Mayi wina pamzere anaseka mpaka kutsokomola. Koma pobwerera ufa unkalemera kuposa masiku onse, ndipo atafika pakhomo anapeza a Ricardina atakhala kale pampando, korona ili m'manja.

Sanakalipe. Anadikira Filesi agwade, apereke moni, kenako anatembenukira kwa Anaphiri.

"Funso langa ndi limodzi. Bambo anabwera kwathu ndi jekete uja, munayamwa bere limodzi?"

"Ayi," anatero Anaphiri.

Filesi ankayembekeza kuti mayiwo adzuka n'kumapita. M'malo mwake anapumira m'mwamba nanena kuti za ubale womanga musawaphunzitse iwo. Anawoloka kuchokera ku Tete nthawi ya nkhondo ali ndi mtolo umodzi, ndipo amene Gilbert amawatcha azakhali anakumana nawo pa lole. Zikanakhala kuti anauzidwa poyamba, akanalandira a Pearson ndi manja awiri. Chawapweteka n'chakuti anazimvera kwa mtsikana wa foni, atakhala pabwalo pawo ngati wobweretsa uthenga wa mngelo.

"Koma tsopano zasintha," anapitiriza. "Mwini wapezeka, ndipo mayiko anayi amva kuti wapezeka. Ng'ombe sugula kwa mbusa mwini ali poteropo. Mawa banja likavuta, a ku Dedza adzati ife sitikudziwa kanthu. Mwiniyo anene ndi pakamwa pake kuti a Pearson aimirire, ine Loweruka ndibwera ndi anthu anga. Akapanda kunena, musavutike kuphika."

A Ricardina atachoka, Filesi anapeza mauthenga asanu ndi awiri a Gilbert pa kafoni kake. Ankapepesa. Ankati sanaganize, ankangofuna kuti nayenso aoneke kuti waponyamo kanthu. Womaliza unkati atuluka pagulupo lero lomwe, sadzalowanso.

Filesi anayankha mwachidule: "Madzi akatayika saoleka. Musatuluke. Pezani nambala ya a Janet, gulani bandulo yokwana vidiyo, muwauze mawa 3 koloko akhale ndi a Kondanani. Kulira mudzalira Lamulungu."

Patapita mphindi Gilbert anabweza: "Ukundikondabe?"

"Gulani bandulo."

*

Lachisanu m'mawa anakapeza a Pearson kugalaja atalowa pansi pa thirakitala, miyendo yokha ikuoneka. Filesi anagwada pa simenti ya mafuta.

"Malume."

Sipanala inasiya kulira.

"Dzina limenelo lili ndi mwini tsopano," anatero ali pansi pomwepo.

Filesi anafotokoza zimene a Ricardina ananena, ndi zoti masana aimba foni. Anati palibe chasintha, n'kungofuna mawu amodzi a ku Dedza basi. A Pearson anatuluka pang'onopang'ono, napukuta manja ndi kansanza nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira. Anati za a Kondanani iwo sakukwiya nazo, munthu kupezeka ndi moyo n'chinthu chothokoza. Anati adzukulu awo anawaikira nyimboyo dzulo, poti tsopano ili m'foni ya aliyense pakomboni.

"Ndaimva katatu," anatero. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana wanga. Denga likadontha, Pearson. Mlandu ukabwera, Pearson. Ndimati mwina kumapeto kwake nditchulidwako. Mulibe."

Filesi anali atakonzekera kukalipiridwa, osati izi.

"Mubwera?" anafunsa potsiriza.

"Ndibwera. Mwini akandituma ndigwira ntchito yake. Akapanda kundituma, sindingakwatitse mbumba ya munthu iye akupenya."

*

Netiweki yokwana vidiyo papurazi imagwira pachulu pokha, pafupi ndi thanki ya madzi. Pofika 3 koloko anali atakwera anayi: Filesi, Anaphiri atavala chitenje cha kutchalitchi, a Pearson ndi jekete lawo, chipewa chili m'manja, ndi Gilbert amene anaima chapatali ndi apongozi ake, dzanja lokha litatambasuka ndi foni. Filesi anamulanda n'kuigwira yekha.

Poyamba panaoneka Janet, mayi wonenepa wa magalasi, akufuula kuti mukutiona? Kenako foni inagwedezeka, panaoneka khoma la njerwa, nthambi ya mango, ndiyeno nkhope ya bambo wa imvi m'mbali. Filesi anadzidzimuka. Mphuno inali ya amayi ake. Mpata wa m'mano unali wa Nyasha.

Janet ankamveka kumbali akuti yankhulani, bandulo ikutha.

"Elube," anatero bamboyo. "Wafanana ndi amayi."

Anaphiri anagwada pachulu pomwepo. Ankangogwedeza mutu, dzanja lili pakamwa.

A Kondanani ndiwo anayankhula. Anatchula amene anamwalira ndi amene alipo. Anati makalata atasowa yankho, iwo anafunsa aliyense wochokera ku Harare kwa zaka khumi, kenako analeka. Atauzidwa za a Pearson ndi zimene anachita, anapempha kuwaona, ndipo anavula chipewa nawomba m'manja katatu. Anati munthu wosunga mlongo wa mnzake popanda malipiro ndi m'bale kuposa wobadwa naye amene sanachite kanthu. A Pearson anayang'ana kumbali, nakonza kolala ya jekete imene inali yokonzeka kale.

Mtima wa Filesi unayamba kutsika. Anakodola Gilbert kuti ayandikire, ndipo a Pearson anafotokoza nkhani mwadongosolo: mnyamatayu ndi mphunzitsi, makolo ake ndi a ku Tete, mwanayo amulandira, zonse zakonzeka, mwambo ndi mawa. Chatsala n'chakuti mwini mbumba anene kuti pitirizani.

A Kondanani anamuyang'ana Gilbert. Anati ndiye amene anatumiza nyimbo uja? Gilbert anavomera. A Kondanani anati ameneyo sangamukane, wawabwezera mlongo.

"Ukwati sindikuukana," anatero. "Koma mawa ayi."

Anafotokoza mosakweza mawu. Mayi awo pomwalira ankaitana Elube. Manda awo mpaka lero alibe chiliza, chifukwa akuluakulu anati sangamange mwana wamkazi asanabwere kudzalira. Zaka zonsezi akhala akungolambula. Tsopano Elube wapezeka, ndipo sizingatheke kuti mudzi umve kuti kwaphikidwa za chinkhoswe ku Zimbabwe, maliro a mayi ake asanawalire.

"Ukwati sudumpha maliro, mlongo wanga. Bwera udzagwade pamanda, timange chiliza. Ubwere ndi mwanayo, ndi kamdzukuluko, ndi mkamwini yemwe. Achimwene a Pearson abwerenso, adzakhala pambali panga. Chinkhoswe tidzachitira pano, pakhomo pa mayi athu."

Anaphiri ankangovomera ndi mutu, misozi ikutsika. A Pearson anavala chipewa.

"Mwini wanena," anatero.

Chithunzi chinauma, nkhope ya a Kondanani itatsegula pakamwa. Netiweki inali itathawa.

Gilbert anayamba kuyankhula mofulumira, ngati munthu amene wapeza potulukira. Anati si zoopsa. Amayi ake amvetsa, pakuti mawu a mwini amveka. Holide yatsala milungu itatu. Basi ya ku Malawi imanyamuka ku Harare, kudutsa pachipata cha malire cha Nyamapanda ndi ku Tete, tsiku limodzi afika. Pasipoti yake ilipo, za enawo angathamangire sabata yamawa.

Anaphiri anayang'ana pansi. A Pearson anayang'ana thanki.

"Gilbert," anatero Filesi. Aka kanali koyamba kumutchula dzina pamaso pa akuluakulu. "Ndinakuuzani kuti sukulu ndinasiyira Giredi 7 chifukwa cha fizi. Sinali fizi. Anafuna setifiketi yobadwira, ndinalibe."

Gilbert anati imeneyo itha kupezeka, angopita ndi chitupa cha amayi.

"Amayi anawoloka podzera m'tchire. Alibe chitupa cha kuno, alibe cha ku Malawi. Ine ndilibe. Nyasha alibe. Kuboma kulibe dzina la aliyense wa ife atatu. Pa Nyamapanda tikawaonetsa chiyani?"

Gilbert anamuyang'ana, nayang'ana apongozi ake, nayang'ananso a Pearson ngati akudikira wina aseke.

Foni inanjenjemera m'manja mwa Filesi, chithunzi chinayambanso kuyenda. A Kondanani, amene sanamve kalikonse, anali akumwetulira, ndipo kumbuyo kwawo kunali kutadzaza azimayi akukankhana kuti aone nawo.

"Mwabwereranso? Ndimati mutiuze tsiku," anatero. "Tidziwe lokakuchingamirani pa Dedza."